Kusankha sukulu ya Chiyuda ya mwana wanu mukakhala kunja, muyambire pati

Izi ndikulembera makamaka anzathu amene tili ku UK ndi ku Joni kuno, amene mwakwatiwa kapena kukwatira m'banja la Chiyuda, kapena munalowa Chiyuda panokha, komanso ena amene si Ayuda koma pafupi ndi pomwe mukukhala pali sukulu ya Ayuda ndipo mwamva kuti ana amakhoza bwino kumeneko. Sitili ambiri koma tilipo, ndipo vuto lathu ndi lakuti tilibe azakhali kapena achemwali amene anadutsamo kale woti nkuwafunsa. Kwathu tinazolowera sukulu za mishoni, umangopita ndi mwana kwa ahedi, akamulemba basi, za mpingo zimathera pa asembule ya m'mawa. Ya Chiyuda si choncho ayi. Sukulu imeneyi imabwera nanu mpaka kunyumba, imalowa m'khitchini, imasintha Lachisanu lanu ndi Loweruka lanu, imakhudza ngakhale tsiku loti mukwere ndege kupita kumudzi. Ndiye mfundo yanga ndi imodzi, sankhani sukulu yofanana ndi mmene nyumba yanu ikukhalira zenizeni, osati imene ili pamwamba pa mndandanda wa okhoza mayeso, ndipo yambani msanga chifukwa mapepala ake ena satheka kuwakonza mwezi umodzi.

Choyamba, musanatsegule n'komwe intaneti, khalani pansi awirinu.

Mufunsane mosabisa kuti nyumba yathu ino ndi ya Chiyuda chotani. Ayuda sali gulu limodzi, pali a Orthodox amene amasunga malamulo mwamphamvu, mkati mwa iwowo muli a Modern Orthodox ndi a Charedi amene ndi okhwima kwambiri, pali a Masorti amene ali pakatikati, pali a Reform ndi a Liberal, komanso pali ambiri amene ndi Ayuda pa mtundu ndi pa chikhalidwe koma ku sunagoge amapita kawiri katatu pachaka. Mafunso ake ndi osavuta. Kodi Lachisanu madzulo timayatsa makandulo? Loweruka timayendetsa galimoto, timagwira foni? M'khitchini mwathu nyama ndi mkaka timazisiyanitsa kapena zonse zimangolowa m'poto mmodzi? Nanga Khrisimasi timachita chifukwa cha agogo a mbali inayi? Palibe yankho lolakwika apa, koma muyenera kulidziwa, chifukwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akaphunzitsidwa kusukulu kuti pa Shabbat, Sabata ya Ayuda yoyamba Lachisanu madzulo mpaka Loweruka madzulo, munthu sayatsa magetsi kenako nkufika kunyumba nkupeza TV ili phwii Loweruka m'mawa, adzafunsa, ndipo si bwino kuti mwana azikula akuganiza kuti makolo ake ndi ochimwa kapena kuti aphunzitsi ake ndi abodza. Kusiyana pang'ono kulibe kanthu, mabanja ambiri amakhala nako bwinobwino. Koma kukakhala kwakukulu amene amavutika ndi mwana, si inu.

Ndipo ngati inu mayi kapena bambo wa mwanayo mudakali Mkhristu kapena Msilamu, nenani poyera pa zokambirana zimenezi zomwe mukufuna mwana adziwe za mbali yanu. Musangoti zili bwino pofuna mtendere kenako nkumadandaulira mumtima zaka khumi.

Chachiwiri ndi nkhani imene imawawa, yoti kodi sukuluyo imuona mwana wanu ngati Myuda kapena ayi.

Kwa a Orthodox mwana ndi Myuda ngati mayi ake ndi Myuda, kapena ngati analowa Chiyuda kudzera ku khoti lawo la chipembedzo lotchedwa Beth Din. Ife Achewa izi sizitidabwitsa kwenikweni, kwathunso mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, ndiye ganizo lakuti mtundu umayenda ndi mayi timalimva msanga. Koma tanthauzo lake ndi lakuti ngati inu mayi ndinu Mmalawi amene simunalowe Chiyuda ndipo bambo okha ndiwo Myuda, a Orthodox mwana wanu samuwerenga ngati Myuda, ngakhale dzina la bambo ake likhale lodziwika bwanji ku sunagoge. A Reform ndi a Liberal ku UK amalandira mwana amene kholo limodzi lokha ndi Myuda, kaya ndi bambo, bola akuleredwa mwa Chiyuda. Ndiponso kulowa Chiyuda kudzera kwa a Reform kapena a Masorti a Orthodox sakuvomereza.

Ku England nkhani imeneyi inafika mpaka kukhoti. Sukulu ya JFS, imene ili ku Kenton kumpoto kwa London ndipo inayamba kale kwambiri mu 1732, inakana mnyamata wina chifukwa mayi ake analowa Chiyuda m'njira imene ofesi ya Chief Rabbi, mtsogoleri wamkulu wa Ayuda a Orthodox ku UK, sinkaivomereza. Bambo ake anakasuma, ndipo mu December 2009 khoti la Supreme Court linagamula kuti kusankha ana potengera kubadwa kwa mayi ndi tsankho la mtundu malinga ndi malamulo a dzikolo. Kuyambira pamenepo sukulu za Chiyuda sizifunsanso kuti mayi ako ndi ndani, zimafunsa kuti kodi mumachita za Chiyuda, ndipo umboni wake ndi fomu yotchedwa Certificate of Religious Practice, aliyense amangoti CRP. Kwa mabanja ngati athu chigamulo chimenechi chinatsegula chitseko ndithu. Koma mvetsetsani bwino, CRP imalowetsa mwana m'kalasi basi, simusandutsa Myuda pamaso pa rabbi wa Orthodox. Akadzafika zaka 13 anzake onse akuchita bar mitzvah, mwambo wosonyeza kuti mnyamata wakula pa chipembedzo, ku sunagoge wa Orthodox, kapena mtsikana zaka 12 pa bat mitzvah, funso lija lidzabweranso, ndipo ndi bwino alimve kuchokera kwa inu makolo modekha asanalimve kwa mnzake pa bwalo la masewera. Ine ndimaona kuti ngati banja lanu lili choncho, yambani mwayang'ana sukulu zimene zimalandira Ayuda a mbali zonse musanathamangire dzina lotchuka.

Ku South Africa malamulo ndi ena, sukulu zake ndi zolipira ndipo iliyonse ili ndi ndondomeko yake, ndiye funsani ofesi yolembera ana mwachindunji, kuti mwana wathu mayi ake si Myuda, kodi mumulandira, nanga pa mapemphero ndi pa miyambo azitenga nawo mbali mpaka pati. Funsani tsiku loyamba lomwelo, si chinthu chochita nacho manyazi.

Chachitatu, lembani mayina a sukulu zimene mungafikeko.

Ndikuti zimene mungafikeko chifukwa sukulu za Chiyuda sizili paliponse, zimaunjikana komwe Ayuda amakhala. Ku London zambiri zili kumpoto, Barnet, Brent, Hertfordshire, ndi zina kum'mawa ku Redbridge. Za sekondale zodziwika ndi JFS ija, ya Orthodox koma ana ambiri amachokera m'nyumba zosakhwima kwenikweni, Yavneh College ku Borehamwood imene inatsegulidwa mu 2006, Hasmonean imene ndi yokhwimirapo ndipo anyamata ndi atsikana amaphunzira padera, King Solomon ku Barkingside komwe ana ambiri tsopano si Ayuda, ndi JCoSS ku New Barnet imene inatsegulidwa mu 2010 ndi cholinga chenicheni cholandira Ayuda a magulu onse. Immanuel College ku Bushey ndi yolipira. Za pulayimale ndi zambiri, Akiva ku Finchley ndi ya a Progressive, ndiwo a Reform ndi a Liberal aja, Eden, Alma, Clore Shalom ndi Clore Tikva zimalandira mbali zonse, Sinai ku Kenton ndi ya Orthodox. Kunja kwa London kuli King David ku Manchester, King David ku Liverpool komwe ana ambiri si Ayuda, King David ya pulayimale ku Birmingham imene imadziwika chifukwa ana ake ochuluka ndi Asilamu, Brodetsky ku Leeds, ndi Calderwood Lodge kufupi ndi Glasgow imene ili pamalo amodzi ndi sukulu ya Katolika.

Palinso sukulu za a Charedi ku Stamford Hill, ku Salford ndi ku Gateshead. Zimenezo zinapangidwira ana a m'gulu lawolo, zina zimaphunzitsa m'Chiyidishi, chilankhulo chakale cha Ayuda a ku Ulaya, ndipo nthawi yochuluka imapita ku maphunziro a chipembedzo makamaka kwa anyamata, ndiye ngati banja lanu silikhala moyo umenewo zidutseni.

Ku Johannesburg dzina lalikulu ndi King David, ku Linksfield ndi ku Sandton, zonse zili pansi pa South African Board of Jewish Education ndipo ana amalemba matric ya IEB, bungwe la mayeso losakhala la boma. Yeshiva College ku Glenhazel ndi yokhwimirapo pa chipembedzo, Torah Academy ndi ya a Chabad, gulu lina la a Orthodox okhwima. Ku Cape Town kuli Herzlia, imene imalandiranso ana omwe si Ayuda. Anzathu a ku Zimbabwe mwina mukuzidziwa kale Sharon ku Harare ndi Carmel ku Bulawayo, za pulayimale, komwe Ayuda anachepa ndipo ana ambiri ndi a zipembedzo zina.

Mukalemba mayinawo yesani ulendo wake pa nthawi yeniyeni, m'mawa cham'ma 7 koloko tsiku la ntchito, osati Lamlungu misewu ili mbee. Mwana wa sekondale atha kukwera basi ya sukulu ola lathunthu, ambiri amatero, koma wa zaka zisanu kumudzutsa kudakali mdima mu January ku England ndi nkhani ina. Ganiziraninso kuti anzake azidzakhala kuti, chifukwa ngati inu muli kum'mwera kwa London ndipo kalasi yonse ikukhala ku Edgware, mapate onse ndi zocheza zonse zikhala ulendo. Sukulu zina malo akachepa zimayang'ananso mtunda wochokera kunyumba, zina zimachita maere, ndiye werengani ndondomeko ya sukulu iliyonse musanasayine lendi ya nyumba.

Chachinayi, madeti ndi mafomu, apa ndi pamene anthu ambiri amagwera.

Ku England fomu yaikulu imapita ku khansolo ya komwe mukukhala, ya sekondale imatseka pa 31 October mwana ali mu Year 6, ya pulayimale pa 15 January. Mayankho amatuluka pa 1 March a sekondale ndi pa 16 April a pulayimale, tsikulo likagwa pa wikendi amasunthira tsiku la ntchito lotsatira. Koma fomu ya khansolo payokha si yokwanira. Sukulu ya Chiyuda imafunanso fomu yake yapadera imene amati SIF, pamodzi ndi CRP ija, ndipo zimenezi mumatumiza kusukulu komweko osati ku khansolo. Mukaiwala, mwana wanu amaikidwa m'gulu la kumapeto ngakhale mukhale khomo loyang'anizana ndi geti.

CRP imayendera mapointi, sukulu zambiri zimafuna 4. Mumawapeza popita ku sunagoge kangapo m'miyezi imene alemba pa fomuyo, popita ku maphunziro a Chiyuda monga cheder ya Lamlungu kapena nazale ya Chiyuda, kapena pogwira ntchito yongodzipereka ku bungwe la Chiyuda. Kuti ndi kangati ndipo kuyambira mwezi uti, zimenezo zimatha kusintha chaka ndi chaka ndiponso sukulu ndi sukulu, ndiye tengani fomu ya chaka chomwecho kuchokera kusukulu imene mukufuna, musagwiritse ya mnzanu ya chaka chatha. Chimene anthu sauzana ndi ichi, muyenera kukalembetsa ku ofesi ya sunagoge pasadakhale mkati mwa sabata, chifukwa pa Shabbat ku sunagoge wa Orthodox salemba kanthu, alibe cholembera pakhomo, amagwiritsa makadi kapena njira ina imene anakonzeratu. Mukangotulukira Loweruka osalembetsa, mwapemphera inde koma ulendo umenewo sawuwerenga. Ndiye ngati mwana akuyamba sekondale September wa chaka chamawa, inu yambani kufunsa za CRP nyengo ya Pesach, Paskha wa Ayuda, chaka chino, cha m'ma April.

Sikofunika kukhala membala wolipira wa sunagoge kuti akuwerengeni, ndipo musaope kulowa. Pakhomo mupeza alonda, akufunsani kuti ndinu ndani mwabwera kwa yani, ndi chifukwa chakenso kuimbiratu foni kumathandiza, dzina lanu limakhala likudziwika kale.

Ku South Africa chaka cha sukulu chimayamba January, ndipo mumalembetsa kusukulu mwachindunji, nthawi zambiri chaka chathunthu pasadakhale, makamaka Grade R, Grade 1 ndi Grade 8. Konzani setifiketi ya kubadwa, malipoti a sukulu yakale, khadi ya katemera, ndi mapepala a mwana okhalira ndi kuphunzira m'dzikomo ngati si nzika. Ena afunanso ketubah, chikalata cha ukwati wa Chiyuda, kapena kalata ya Beth Din, ikhale pafupi.

Chachisanu, pitani mukaone ndi maso, ndipo pitani kawiri.

Koyamba pa tsiku lotsegulira makolo, pamene zonse zakonzedwa ndipo ana ovala bwino akukuyendetsani. Kachiwiri pemphani tsiku wamba, sukulu ili mkati. Imani pa kolido nthawi yosintha makalasi, mverani mmene aphunzitsi akuyankhulira ndi ana, yang'anani pa bwalo nthawi ya buleki. Ndipo yang'anani nkhope, kodi alipo ana akuda kapena osakanizika, alipo mphunzitsi ngakhale mmodzi wooneka ngati mwana wanu? Izi sindikunena mongodutsa. Mu 2021 bungwe loimira Ayuda a ku Britain, Board of Deputies of British Jews, linatulutsa lipoti la komiti imene anatsogolera mtolankhani Stephen Bush, lofotokoza zimene Ayuda akuda ndi a mitundu ina amakumana nazo m'masunagoge ndi m'masukulu, monga kuimitsidwa pakhomo pamene ena akungodutsa, kapena kufunsidwa kuti kodi ndiwedi Myuda. Ayuda eni ake anavomereza kuti vutoli lilipo. Ndiye funsani ahedi kuti mwana akanyozedwa chifukwa cha khungu mumatani, amakanena kwa ndani, zinachitikapo ndipo munazithetsa bwanji. Mhedi wabwino amakuyankhani ndi chitsanzo. Amene angoti kuno zimenezo kulibe, ine mtima wanga sukhazikika naye. Funsaninso za malamulo a tsitsi, ngati mwana wanu amaluka kapena ali ndi afro, mudziwiretu.

Funsani kuti pa sabata ndi maola angati a Kodesh, ndiwo maphunziro a Chiyuda, Torah, mapemphero, miyambo, ndipo ndi angati a Ivrit, Chiheberi cholankhula lero. Sukulu zimasiyana kwambiri apa, zina ndi maphunziro ochepa pa sabata, zina pafupifupi theka la tsiku. Chiheberi chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere ndi zilembo zakezake, mwana woyambira ku nazale amangochitola, koma wofika ali ndi zaka 11 kuchokera ku Lilongwe kapena ku sukulu wamba afunika kalasi ya oyamba kumene. Sekondale zazikulu zimagawa ana m'magulu malinga ndi pomwe afika, koma funsani ndithu, ndipo ngati inu simuchidziwa funsani kuti homuweki yake azimuthandiza ndani. Mapemphero a m'mawa, tefillah, ndi okakamiza kwa onse? Anyamata amavala kippah, kachipewa kakang'ono ka pamutu, tsiku lonse, nanga tzitzit, chovala chamkati cha mphonje? Atsikana amaloledwa kutsogolera mapemphero kapena kuwerenga Torah? Ku sukulu za Orthodox zambiri ayi, ku za mbali zonse inde, ndipo ngati muli ndi mwana wamkazi zimenezi zimamuumba mmene azidziwonera.

Malipoti werengani awiri. La Ofsted, oyendera sukulu a boma ku England, likuuzani za masamu, Chingerezi, khalidwe ndi chitetezo cha ana, la Pikuach, oyendera sukulu a Ayuda eni ake, likuuzani za mbali ya Chiyuda. Mwana wanu akakhala wofuna chithandizo chapadera funsani msanga, JCoSS ili ndi gawo la ana a autism, ku Johannesburg kuli King David Ariel ya ana ofunika kuthandizidwa mwapadera pa maphunziro. Ndipo pezani kholo limodzi la pasukulupo loti mucheze nalo panja pa geti, makamaka la banja losakanizika ngati lanu, mphindi khumi za pamenepo zimaposa kabuku konse konyezimira.

Chachisanu ndi chimodzi, ndalama.

Ku England sukulu zambiri za Chiyuda zimene si za a Charedi ndi za boma, fizi palibe. Koma boma sililipira zonse za maphunziro a chipembedzo, ndiye sukulu imapempha makolo chopereka chaufulu chaka chilichonse, ndipo si ndalama yochepa. Mwalamulo sangakukakamizeni, sangachotse mwana kapena kumumana malo chifukwa simunapereke. Ife ambiri tili ndi anthu kumudzi amene akudikira ya fetereza ndi fizi ya ana a achimwene, ndiye ngati simungakwanitse yonse lankhulani ndi ofesi ya zachuma mwakachetechete, perekani imene mungathe mwezi ndi mwezi, palibe chochititsa manyazi. Sukulu zolipira kumbukirani kuti kuyambira January 2025 fizi yake ili ndi VAT ya 20 peresenti. Ku South Africa zonse ndi zolipira ndipo ndi zodula, koma pali thandizo kwa mabanja osakwanitsa, amafuna muwaonetse malipiro anu ndi mapepala a ku banki, funsani pomwe mukulembetsa osati ngongole itakula kale.

Pamwamba pa zimenezo ikani basi, yunifolomu, chakudya cha kosher, chololedwa ndi malamulo a Chiyuda, chimene ndi chokwerapo mtengo, ulendo wa ku Israel umene sekondale zambiri ku England zimachita mu Year 9, ulendo wa ku Poland wokaphunzira za Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda mamiliyoni pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ana atakulirapo, ndi chaka cha ma bar mitzvah pamene pafupifupi wikendi iliyonse kuli mwambo ndi mphatso yake.

Za chitetezo ndinene mwachidule koma momveka. Mupeza mpanda, makamera ndi alonda pa geti, ku UK bungwe la chitetezo cha Ayuda la CST limagwira ntchito ndi sukulu ndipo boma limathandiza ndi ndalama za alonda, ku South Africa kuli lofanana nalo, CSO. Sukulu zambiri zimapempha makolo kusinthana kuima pa geti m'mawa. Ana amaphunzitsidwa chochita kukachitika zoopsa. Kuyambira October 2023, nkhondo ya Israel ndi Hamas itayamba, zinthu zinakhwima kwambiri, sukulu zina zinauza ana kuti atha kuvula bleza yokhala ndi baji akamakwera basi. Tsiku loyamba zimenezi zimatha kukuopsani, koma funso loyenera si lakuti bwanji kuli alonda, ndi lakuti ana amawafotokozera bwanji kuti asamakule ndi mantha. Funsaninso mmene amaphunzitsira za Israel ndi Palestine. Sukulu zambiri zimakonda Israel poyera, zimakondwerera Yom Ha'atzmaut, tsiku la ufulu wa dzikolo, ndipo mwana wanu akatuluka panja, makamaka ku South Africa, adzamva maganizo osiyana kotheratu kwa anzake ndi kwa abale anu omwe. Mukufuna sukulu imene mwana angafunse funso lovuta m'kalasi osakalipiridwa.

Tsopano kalendala ndi m'phika, zimene zidzakukhudzani sabata iliyonse.

Lachisanu nyengo yozizira sukulu imaweruka msanga, cha m'ma 1 kapena 2 koloko, chifukwa Shabbat imalowa dzuwa likamalowa ndipo ku England mu December limalowa isanakwane 4. Ngati muli pa shifiti ya kuchipatala kapena yosamalira okalamba, ndani akamutenge mwana? Yankho lake likhalepo musanavomere malo. Mu September ndi October kuli masiku opatulika a Rosh Hashanah, Yom Kippur ndi Sukkot motsatizana, sukulu imatseka masiku angapo apa ndi apo pamene kuntchito kwanu kuli kotsegula, kenako Pesach cha mu March kapena April ndi Shavuot patapita milungu isanu ndi iwiri. Madeti ake amasuntha chaka chilichonse, ndiye holide ya mwana wanu nthawi zina siigwirizana ndi ya ana a anzanu a ku sukulu wamba, tikiti ya kumudzi muzigula mutaona kalendala ya sukulu.

Chakudya chonyamula kunyumba sukulu zina sizilola n'komwe, zina zimalola chopanda nyama ndipo chokhala ndi chizindikiro cha kosher. Pate ya tsiku lobadwa musaiike Lachisanu usiku kapena Loweruka masana, ndipo keke gulani ku bekale ya kosher kuti mwana aliyense adye, apo ayi mudzadabwa kuti bwanji theka la kalasi silinabwere. Ana a m'nyumba zokhwima mwina sadzadya chophikidwa m'mapoto anu, musakhumudwe, si kukunyozani, ikani zogula zosatsegula ndi mbale zotaya basi.

Ndipo konzekeretsani agogo kumudzi. Mwana adzafika patchuthi nkuyamba kufunsa kuti ndiwo izi ndi za chani. Nsima ndi nyemba, nkhwani wotendera, chambo chifukwa chili ndi mamba ndi zipsepse, zonsezo zimalowa bwino. Nkhumba, mlamba, mbewa ndi ngumbi ayi. Agogo akaphika ndi mtima wonse mdzukulu nkukana zimapweteka, ndiye auzeni pa foni musanafike, ndipo mwanayo muphunzitseni kukana mwaulemu, kuthokoza kaye kenako nkutenga zimene angadye. Chichewa musachisiye poganiza kuti Chingerezi ndi Chiheberi zamukwana kale, mutu wa mwana umanyamula zitatu popanda vuto, ndipo sukulu idzamupatsa mbali ya Chiyuda mokwanira tsiku ndi tsiku pamene mbali ya kwathu ilibe wina woiphunzitsa koma inu.

Mayankho akatuluka ndipo mwana sanapeze malo pa sukulu imene munaika poyamba, landirani kaye malo amene akupatsaniwo kuti asakhale pakhomo, kenako onetsetsani kuti dzina lake lili pa mndandanda wa odikira. Malo amatseguka pakati pa March ndi September pamene mabanja ena akusamuka kapena kusankha sukulu zolipira. Muli ndi ufulu wochita apilu, kalata yokukanani imalemba njira ndi tsiku lomaliza. Amene mukufika m'dzikomo chaka chili pakati, imbani kusukulu mwachindunji mufunse za kulowa mkati mwa chaka, afunseni ngati umboni wa ku sunagoge wa dziko lomwe mukuchokera angaulandire m'malo mwa CRP ya komweko, ndipo kalata ya rabbi wanu wakale mutengeretu musanakwere ndege. Ngati dera lanu lilibe sukulu ya Chiyuda yofikika, lembetsani mwana ku sukulu wamba yabwino ya pafupi, Lamlungu azipita ku cheder, akakula alowe gulu la achinyamata la Chiyuda ndi misasa yawo ya pa holide, kenako nkhani ya sekondale mudzaiyambenso ali mu Year 5.